Chikumbutso cha mchere ku Dandi: chokoma chili pa kapoto, nsanja ndi ya zithunzi

Dandi ndi kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja yamchere m'boma la Navsari ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Kumeneku n'kumene boma la dzikolo linamanga National Salt Satyagraha Memorial, malo okumbukira ulendo wapansi wa mu 1930 umene Mahatma Gandhi anatsogolera pokaphwanya dala lamulo la atsamunda lokhudza mchere. Anatsegula malowa ndi nduna yaikulu Narendra Modi pa 30 Januwale 2019, tsiku lokumbukira kuphedwa kwa Gandhi. Malowo ndi maekala 15, anadya marupi pafupifupi 890 miliyoni, ndipo mapulani ake anayendetsedwa ndi sukulu yaukachenjede ya IIT Bombay. Ndi oyenera kuwaona. Koma munthu wongotulukira osadziwa nkhani yake adzajambula zithunzi n'kubwerera akuganiza kuti nkhalamba ina inayenda, inatola mchere, Angerezi n'kumanga katundu. Zinali zolimba kuposa pamenepo, ndipo malowa amakoma kwa yekhayo amene wabwera atakonzeka.

Kafikidwe kake si kovuta. Navsari ili pa njanji yaikulu ya pakati pa Mumbai ndi Ahmedabad, ndipo kuchokera ku Mumbai sitima imatenga maola atatu kapena anayi. Kuchoka pa siteshoni kukafika ku Dandi ndi pafupifupi makilomita 20, ulendo wa tinjinga tamoto ta matayala atatu tija. Panganani mtengo wopita ndi kubwerera musanakwere, ndipo woyendetsayo akudikireni, chifukwa Dandi ndi kumapeto kwa msewu ndipo madzulo zokwera zimasowa. Malo abwino ogona ali ku Navsari kapena ku Surat, mzinda waukulu umene uli chakumpoto pang'ono. Ambiri mwa amwenye a masitolo a ku Limbe makolo awo anachokera ku Gujarat komweku, ndiye chakudya ndi kalankhulidwe sizidzakhala zachilendo kwenikweni.

Musanalowe pachipata dziwani lamulo limene linkaphwanyidwalo. Pansi pa lamulo la mchere la mu 1882, boma la Britain lokha ndilo linali ndi mphamvu yopanga ndi kugulitsa mchere ku India. Munthu wokhala pagombe akatola mchere umene dzuwa laumitsa pakhomo pake anali wolakwa, amakhoza kulandidwa mcherewo n'kukhala m'ndende mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Malinga ndi masamu amene Gandhi analemba chakumayambiriro kwa 1930, muyeso umodzi wa maund, womwe ndi pafupifupi makilogalamu 37, mtengo wake weniweni unali mapai 10 (timakobili tating'ono ta nthawiyo), koma msonkho wake unali mapai 240. Msonkho woposa mtengo wa katundu ka 24. Wolemera sankaumva. Mlimi wothukuta padzuwa, amenenso ng'ombe zake zimafuna mchere, ndiye ankauberekera kumsana. Apa ndi pamene panagona nzeru ya nkhani yonse: Mhindu, Msilamu, Mkhristu, wophunzira ndi wosaphunzira, onse amathira mchere m'ndiwo, ndipo kuphwanya lamuloli sikunkafuna mfuti kapena ndalama, koma poto ndi nkhuni basi. Anzake ena a m'chipani cha Congress poyamba anaona ngati nkhani ya mchere ndi yachibwana. Bwanamkubwa Lord Irwin nayenso analembera akuluakulu ake ku London kuti za mcherezo sizikumusowetsa tulo.

Mukalowa, chimene chimagwira mtima ndi ziboliboli za oyendawo. Zilipo 80, zamsinkhu wa munthu weniweni, zoumbidwa ndi mkuwa wosakaniza, zitandandalika ngati anthu ali paulendo Gandhi ali patsogolo ndi ndodo yake. Zinaumbidwa ndi amisiri osiyanasiyana, ena ochokera kunja kwa India, ndiye nkhope sizifanana ngati za mufakitale. Wina wawerama pang'ono ndi chikwama paphewa, wina akuponya mwendo ngati mnyamata amene sanatope. Musaziyang'anire patali. Lowani pakati pawo muyende nawo, muone mapazi ndi zikwamazo. Ochoka ku Sabarmati Ashram, malo amene Gandhi ankakhala ndi omutsatira ku Ahmedabad, m'mawa wa pa 12 Malichi 1930 anali 78, ndipo awiri anaonjezekera panjira, n'chifukwa chake mabuku ena amati 78 pomwe ziboliboli zili 80. Gandhi anali ndi zaka 60. Wamng'ono pa onse anali ndi zaka 16. M'gululi munali mwana wake Manilal, amene ankakhala ku Phoenix kufupi ndi Durban, komanso mdzukulu wake Kantilal. Mawu akuti satyagraha omwewo, otanthauza kukakamira pa choonadi, anabadwira ku South Africa pamene amwenye a ku Transvaal ankakana zitupa zodinda zala.

Ziboliboli zimenezi ndi zaamuna okhaokha, ndipo zimenezo n'zoona malinga ndi mbiri. Gandhi sanatenge amayi paulendowu, poganiza kuti boma lidzanena kuti akubisala kumbuyo kwa azimayi kuti asamenyedwe. Koma mlendo wosachenjera akhoza kutuluka akuganiza kuti nkhondo yonseyi inali ya abambo, pomwe lamulo litangophwanyidwa amayi ndiwo ananyamula mitsuko kukatunga madzi kunyanja, kuwiritsa, kugulitsa mchere m'misewu ndi kuima pamakomo a masitolo a mowa ndi a nsalu zakunja. Ku Bombay, Kamaladevi Chattopadhyay anatsogolera zophika mchere pagombe la Chowpatty. Wokutsogolerani akapanda kutchula zimenezi, mufunseni.

Motsatira njira yoyendamo muli zithunzi 24 zosemedwa pa mkuwa zofotokoza zochitika za paulendowo. Apa m'pofunika nthawi, mphindi 40 kapena kuposerapo, chifukwa ulendowu unali ntchito yokonzedwa bwino ngati ukwati wa mwana wa mfumu. Pa 2 Malichi Gandhi analembera kalata Irwin kumuuza zimene akufuna kuchita ndi tsiku lake, n'kuituma kudzera kwa Mngerezi wachinyamata, Reginald Reynolds. M'kalatamo anamuwerengera kuti malipiro ake, marupi oposa 21,000 pamwezi, ankaposa ka 5,000 zimene mmwenye wamba ankapeza. Kuchenjeza mdani chonchi ndi mbali ya njirayo: palibe chobisa, ndipo boma limasiyidwa pa mphanda, likamanga munthuyo dziko liwira, likamusiya lamulo lisanduka choseketsa. Kagulu ka ophunzira kankatsogola kukakonza pogona, madzi ndi zimbudzi m'midzi. Oyendawo sanali ongotoledwa pamsewu, ambiri anali a pa ashram ozolowera mwambo. Aliyense ananyamula chofunda, zovala zosinthira, kapu, kabuku kolembamo za tsikulo ndi kachipangizo kopotera thonje, ndipo kupota thonje kunali kwa tsiku ndi tsiku, kaya mwatopa kaya ayi. Ankayenda m'mawa ndi madzulo kuthawa dzuwa, pafupifupi makilomita 16 patsiku, Lolemba n'kupuma chifukwa linali tsiku limene Gandhi sankalankhula. Mtunda wonse unali pafupifupi makilomita 390.

Bwanji osangokwera sitima n'kukafika tsiku lomwelo? Kuchedwako ndiko kunali chida. Masabata atatu ndi masiku ochepa anapatsa atolankhani ndi ojambula kanema nthawi yofalitsa nkhani, ndipo mudzi uliwonse umene anaimamo unasanduka msonkhano. Gandhi ankapempha anyakwawa olembedwa ndi boma kuti atule pansi udindo, ndipo mazana anatuladi. Boma la atsamunda linkayenda ndi miyendo ya amwenye eni ake, nyakwawa, kalaliki ndi wapolisi, ndiye kulichotsa miyendoyo kunkaluma kuposa mcherewo. Vallabhbhai Patel, mmodzi wa atsogoleri a Congress, amene anatsogola kukakonza njira, anamangidwa ku Ras pa 7 Malichi ulendo usanayambe n'komwe, ndipo m'malo moopseza anthu zinangowakoleza.

Zinalakwikanso zilipo, ndipo ndizo zophunzitsa kwambiri. Chakumapeto kwa Malichi, ku Bhatgam, Gandhi anadzudzula anthu ake omwe pagulu. Anali ataona zipatso ndi zakudya zapamwamba zikubwera pagalimoto kuchokera ku Surat, komanso waganyu wosauka akusenzetsedwa chinyali cholemera pamutu kuti awaunikire usiku, wina akumukankha kuti afulumire. Anawafunsa kuti angadzudzule bwanji malipiro a bwanamkubwa iwo akudya moposa anthu a m'midzi imene akudutsamo. M'midzi inanso anthu ankakana kukhala pamodzi ndi a mtundu wonyozedwa uja ankati ngosakhudzidwa, ndipo khamu linkachepa Gandhi akaumirira kuti onse akhale malo amodzi. Mantha ake aakulu anali chiwawa cha otsatira ake omwe. Mu Febuluwale 1922 ku Chauri Chaura khamu linatentha polisi n'kupha apolisi oposa 20, ndipo iye anaimitsa ndawala ya dziko lonse chifukwa cha zimenezo. N'chifukwa chake mu 1930 anayamba ndi kagulu kochepa kophunzitsidwa, n'kulamula kuti wina aliyense asaphwanye lamulo iye asanayambe.

Tsopano kapoto kaja. Pali mapoto 14 ophikira mchere oyendera mphamvu ya dzuwa, pomwe mlendo amathira madzi amchere, kudikira kuti aphwe, n'kukokolola kamchere kopita nako kwawo. Ichi ndicho chinthu chabwino kuposa zonse pamalopa, chifukwa dzanja limamvetsa zimene khutu limangomva: ntchito ya mphindi zochepa, imene mwana wa sitandade 5 angaithe, inali mlandu wa miyezi isanu ndi umodzi. Funsani pachipata ngati mapotowo akugwira ntchito tsikulo, poti mphepo ya kunyanja imadya zitsulo ndi mawaya msanga, ndipo zipangizo za mtundu umenewu kulikonse zimafuna kukonzedwa pafupipafupi.

Kwa wofuna kudziwa mmene anthu a mu 1930 ankachitira kunyumba, masamu ake ndi awa. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi michere yosiyanasiyana yokwana magalamu pafupifupi 35, ndipo mwa imeneyo mchere wodya ndi pafupifupi magalamu 27. Ndiye ndowa ya malita 10 imakupatsani kotala ya kilogalamu mukasamala. Madziwo muyambe mwawasiya kuti matope akhale pansi, kenako muwasefe pansalu. Wiritsani m'poto wotambalala, wadothi kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa wa aluminiyamu amadyeka ndipo wachitsulo wamba amadetsa mchere. Madzi akatsala gawo limodzi mwa magawo 5, pansi pamagwa tinthu toyera ngati choko. Umenewo si mchere, ndi gypsum, ndipo mukausiya mcherewo umachita lekeche m'mano, choncho tsanulirani madziwo m'poto wina. Akatsala limodzi mwa magawo 10, timiyala ta mchere timayamba kuoneka pamwamba ndi m'mbali. Chepetsani moto pamenepo, muzivuula ndi chipande n'kuika pansalu kuti udonthe. Cholakwa cha aliyense woyamba kumene ndi kuumitsiratu poto. Timadzi totsalira kumapetoto tili ndi magnesium, n'towawa, ndipo mchere wake umakoka chinyezi n'kumangonyowa m'botolo. Amene anaonapo agogo akudontheza chidulo akudziwa kuti ntchito zoterezi zimafuna diso. Mchere wambiri wa nthawi ya ndawalayo unali wotuwa ndi wowawa ndithu, Jawaharlal Nehru mwini, mtsogoleri wa Congress, anavomereza kuti umene anapanga iwo sunali wodyeka, koma ankaugulitsa pa okushoni pamitengo yodabwitsa.

Chimene chimaonekera kutali ndi nsanja yachitsulo ya mamita 40, yopangidwa ngati manja awiri otukula chigalasi cholemera matani awiri ndi theka choimira kamwala ka mchere, pansi pake pali chiboliboli cha Gandhi cha mamita 5 chopangidwa ndi Sadashiv Sathe. Usiku amaiwalitsa ndi magetsi, ndipo pachithunzi imatuluka bwino. Kunena mosapsatira, ndi gawo lofooka pa onse. Munthu amene anakalipira anzake chifukwa cha malalanje ochokera ku Surat akukumbukiridwa ndi chinsanja cha magetsi othwanima, ndipo ukulu wakewo umakokera maso kwa munthu mmodzi pa nkhani imene inali ya anthu masauzande. Mitengo ya sola pafupifupi 40, yopangidwa ngati mitengo yeniyeni masamba ake ali mapanelo, ndiyo yanzeru, chifukwa imapereka magetsi a pamalopo ndipo ikugwirizana ndi mfundo ya kudzidalira. Dziwe lokumba lili pakati limaziziritsa maso, basi.

Musabwerere musanaone Saifee Villa, nyumba ili pafupi pomwepo imene Gandhi anagonamo atafika pa 5 Epulo. Inali ya Syedna Taher Saifuddin, mtsogoleri wa Asilamu a Dawoodi Bohra, amene anaipereka ku boma mu 1961, ndipo lero muli zithunzi zakale. Tsiku la 6 Epulo, limene anaphwanya lamulo lija, silinasankhidwe mwangozi, linali loyamba la sabata yokumbukira zochitika za mu 1919, imene imathera pa 13 Epulo, tsiku limene asilikali a boma anapha anthu ambiri ku Jallianwala Bagh, mumzinda wa Amritsar. M'mawa umenewo Gandhi anapemphera, anasamba m'nyanja, n'kuwerama kutola. Apolisi anali atapondereza kale mchere wa pagombepo m'matope, choncho chimene anatola chinali chibuma cha dothi lamchere. Pamalopo pali chizindikiro, ndipo musadabwe kuona kuti madzi ali patali, gombe linasintha m'zaka zapitazi.

Vuto lalikulu la chikumbutsochi n'loti nkhani yake imafika pachimake pa 6 Epulo, pomwe zowawa zinayamba pambuyo pake. Boma linamusiya Gandhi mwezi wathunthu likumanga ena, Nehru pa 14 Epulo. Apolisi ankapinda zala za anthu kuti awalande mchere m'manja, ndipo langizo linali lakuti fumbatani zolimba koma musabwezere. Gandhi anamangidwa pakati pa usiku wa pa 4 kucha 5 Meyi ku Karadi, mudzi woyandikana ndi Dandi, ali m'kachisakasa, pogwiritsa ntchito lamulo lakale la mu 1827 lolola kutsekera munthu popanda mlandu, n'kupita naye kundende ya Yeravda ku Poona. Karadi ndi wa mphindi zochepa pa kanjinga kaja, muuzeni woyendetsa akudutsitseniko.

Amene ali ndi tsiku lonse apitirire ku Dharasana, makilomita pafupifupi 40 kummwera. Pa 21 Meyi 1930 anthu okwana 2,500 motsogozedwa ndi Sarojini Naidu anayenda kupita kumalo opangira mchere a boma, otchingidwa ndi waya waminga ndi ngalande. Ankapita m'magulumagulu, apolisi n'kumawamenya m'mitu ndi ndodo zansungwi zokhala ndi chitsulo kunsonga, iwo osakweza ngakhale mkono kudzitchinjiriza. Gulu likagwa, onyamula machira ankachotsa ovulala, lina n'kubwera. Mtolankhani wa ku America, Webb Miller wa United Press, anawerenga ovulala 320 pachipatala cha msasa, ndipo awiri anamwalira. Nkhani yake inatuluka m'manyuzipepala ambirimbiri kunja ngakhale akuluakulu anayesa kuitsekereza. Njira yopanda chiwawa imafuna zinthu zitatu nthawi imodzi, anthu opirira, okonza za ovulala, ndi mboni yoti dziko limve. Pakasowa chimodzi, kumenyedwako kumangokhala kumenyedwa. Ndiponso si konse kumene kunali bata: ku Chittagong achinyamata analanda nyumba ya zida pa 18 Epulo, ku Sholapur kunabuka zipolowe mu Meyi, ndipo ku Peshawar pa 23 Epulo asilikali anawombera khamu lopanda zida pamsika wa Qissa Khwani, ngakhale kuti asilikali ena a Garhwal Rifles anakana kuwombera n'kulandira zilango zowawa.

Pomatha chaka anthu oposa 60,000 anali atalowa m'ndende. Gandhi anatulutsidwa pa 26 Januwale 1931, ndipo pa 5 Malichi anasainirana pangano ndi Irwin. Zimene anapeza papepala zinali zochepa: a m'mphepete mwa nyanja analoledwa kudzipangira mchere, akaidi osapalamula zachiwawa anamasulidwa, koma msonkho wa mchere unakhalabe mpaka nthawi ya boma loyembekezera ufulu, cha m'ma 1946 ndi 1947. Alimi a ku Kheda ndi Bardoli amene anakana msonkho wa minda n'kulandidwa malo, pamene malowo anali atagulitsidwa kale kwa ena panganolo silinawabwezere. Ufulu unadza mu 1947, patapita zaka 17. Chimene chinasintha n'chakuti bwanamkubwa anakhala pa tebulo limodzi ndi munthu amene dzulo lake anali mkaidi wake, ndipo ndende inasiya kukhala chinthu chochititsa manyazi kwa mmwenye wamba.

Nthawi yabwino yopitako ndi kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Malichi mpaka Meyi kumatentha koopsa, mkuwa wa ziboliboli umawotcha dzanja ndipo mthunzi pakati pa njirayo ndi wochepa, pomwe Juni mpaka Seputembala ndi mvula yamphamvu. Fikani cha m'ma 3 koloko masana, muyambe Saifee Villa, kenako zithunzi 24, ziboliboli dzuwa litapendeka, mapoto, n'kumaliza ndi nsanja magetsi akayaka. Maola awiri ndi theka akwana, kupatula Karadi ndi Dharasana. Tsimikizani masiku ndi nthawi yotsegulira muli ku Navsari musananyamuke. Tengani madzi akumwa, chipewa ndi ndalama zing'onozing'ono za m'manja. Chakudya cha m'derali nthawi zambiri n'chopanda nyama, ndipo ku Gujarat mowa ndi woletsedwa ndi lamulo, musauike m'chikwama. Ana asukulu malowa adzawakonda chifukwa cha mapoto, okalamba akonzekere kuyenda pang'ono ndithu. Kamchere kanu musakasiye m'pepala, kaikeni m'kabotolo kotseka bwino mukangofika kogona, apo ayi pofika pa Chileka kadzakhala katasungunukira m'zovala.